Tintchentche ta pa nthochi za amayi

Amayi anga amagulitsa nthochi ndi tomato pa Songani, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Nyengo ino ya mango, ukafika pa benchi pawo chakumasana umapeza kamtambo ka tintchentche tikuzungulira nthochi zimene zayamba kuda. Sindikunena ntchentche zikuluzikulu za pa nsomba zija, kapenanso zija zimaboola mango n'kusiyamo mphutsi ayi. Ndikunena tating'onoting'ono tija, tamaso ofiira, timene ukatiingitsa ndi dzanja timangobalalika pang'ono n'kubwereranso pompo. Amayi amatiingitsa ndi kansalu tsiku lonse ndipo sanatipatseko dzina. Ine ndimadziwa dzina lake la m'mabuku, Drosophila melanogaster, poti ndimaphunzitsa Biology ku sekondale. Koma kunena zoona, kwa zaka zambiri dzinali linali longolemba pa bolodi basi. Ndinayamba kutiyang'anitsitsa amalume atamwalira.

Amalume anali telala. Makina awo a Singer ankakhala pakhonde la golosale ina pa Songani pomwepo, ndipo ana ambiri a m'midzi ya kuno, kuyambira ku Domasi mpaka kumunsi kwa phiri la Malosa, anavalapo yunifolomu yosoka iwo. Analinso mwini mbumba wathu. Chinkhoswe, maliro, mkangano wa malire a munda, zonse zinkadikira iwo. Munthu wake sankamwa mowa, sankasuta, ndipo njinga ankapalasa ngati mnyamata.

Mu May 2022 anayamba kulakwitsa miyezo. Mayi wina anabweza kabudula wa mwana wake, mwendo wina utatalika. Tinaseka. Tinati ndi maso, ukalamba wafika, n'kuwagulira magalasi. Mu June anayamba kuyenda mopepesuka ngati woledzera. Mu July anayamba kutisokoneza mayina, ndipo chitseko chikamenyetseka kapena minibasi ikaliza hutala, thupi lawo lonse linkadzidzimuka lokha. Tsiku limene sindimaliiwala ndi la mu August. Ndinawapeza atayima pansi pa sitepe imodzi yokha yolowera pakhonde la nyumba yawo, phazi lili m'mwamba likunjenjemera, osadziwa kuti aliponde pati. Anandiyang'ana n'kuseka mwamanyazi. Mu September anasiya kuyankhula. Mu October tinawaika m'manda. Anali ndi zaka 63.

Kuchipatala tinapita, musaganize kuti tinangokhala. Anawayeza malungo, shuga, BP, HIV, chindoko, anawapopa madzi a pamsana kuti aone ngati ndi matenda oumitsa khosi. Zonse zinatuluka bwino. Tinafika mpaka ku Blantyre kukajambulitsa mutu. Kumeneko dokotala wina wachichepere anandikokera pambali. Anati pali matenda ena osowa kwambiri amene amayenda chonchi, mwaliwiro, ndipo kulibe mankhwala ake padziko lonse. Anati kutsimikiza kwenikweni kumachitika poyeza ubongo munthu atamwalira. Kenako analemba m'kabuku ka kuchipatala ka amalume zilembo zitatu, CJD, kutsogolo kwake ataika chizindikiro cha funso. Anatiuza kuti tipite tikawasamalire kunyumba, tizikawatembenuza kuti asachite zilonda.

Inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno achipatala akati "sitinapeze kanthu". Mawu amenewo sathera pa geti ya chipatala. Akafika kumudzi amasanduka ena: ngati makina a azungu sakuona, ndiye kuti pali dzanja la munthu.

Msuweni wanga, mwana woyamba wa amalume, anati akufuna akafunse kwa sing'anga wina kutsidya kwa nyanja ya Chilwa. Anayenda pakhomo ndi pakhomo kusonkhetsa ya thiransipoti. Atafika kwa ine ndinamupatsa K20,000. Ndikulemba izi kuti zidziwike. Sindinkakhulupirira za ulendowo, koma sindinafune kuti anthu azinena kuti mphunzitsi uja ndi woumira, sukulu inamuchotsa umunthu. Ndinaganiza kuti ndikugula mtendere.

Anabwerako ndi yankho. Akuti ndi munthu wamkazi, wamagazi amodzi, amene anakanganapo ndi wodwalayo pa nkhani ya nthaka. Amalume anali ndi mlongo mmodzi yekha wamoyo. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti chaka chapitacho iwo ndi amayi anakokanakokana pa za dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, mkangano umene unatha amfumu ataweruza, awiriwo n'kudyera m'mbale imodzi tsiku lomwelo.

Amayi ndi amene ankawaphikira phala amalume miyezi yonse ija, kuwamwetsa ndi sipuni, kuwachapira zofunda usiku. Kuchokera tsiku limenelo anawaletsa kulowa m'nyumbamo. Pamaliro, nsima ya mumphika umene anatakasa amayi inabwerera yosakhudzidwa. Azimayi amene anavina nawo zinamwali zaka makumi anayi ankasuntha mphasa iwo akakhala. Pa msonkhano wa banja msuweni wanga anayankhula mokuluwika, koma aliyense anamva. Ine ndinali pompo, manja ndili pachibwano. Sindinatsegule pakamwa. Amfumu ndi amene anakumbutsa anthu kuti lamulo la dziko lino, lija linakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Anthu anangoti zii, koma mitima sinasinthe. Miyezi imeneyo ndinkagona kwa amayi, tochi ili pamutu, ndikukumbukira za ku Neno mu January 2016, kumene okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, mphezi itapha mtsikana.

Usiku wina woterowo ndinatenga kabuku ka amalume kaja, n'kulemba zilembo zitatu zija pa foni.

Creutzfeldt-Jakob, mayina a madokotala awiri a ku Germany. Matendawa amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 1 miliyoni alionse pachaka, ndipo amapezeka kulikonse padziko. Ambiri amayamba kudwala ali ndi zaka za m'ma 60, ndipo ambiri satha chaka. Kuiwala, kupepesuka, kusaona bwino, kudzidzimuka, kenako kusiya kuyankhula. Ndinkawerenga ngati wina ankatizonda pawindo n'kumalemba.

Chimene chinandizunguza mutu ndi choyambitsa chake. Ife timaphunzitsa ana kuti matenda opatsirana amabwera ndi tizilombo: mabakiteriya, mavairasi, tizilombo ta malungo. Apa palibe kachilombo. Pali puloteni ina imene tonsefe tili nayo m'maselo a muubongo, ine, inu, ng'ombe, nkhosa, galu. Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda, iyiyi mwa munthu imapangidwa ndi mikanda 253, ndipo kuti igwire ntchito imayenera kupindidwa mwanjira yake. Nthawi zina imodzi imapindika molakwika. Vuto ndi lakuti yopindika molakwikayo ikakhudza inzake yabwinobwino, imaipindanso chimodzimodzi, iyonso n'kukapinda ina. Zimaunjikana, maselo amafa, ndipo ubongo ukauyang'ana pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono umaoneka wa mabowomabowo ngati chinkhupule.

Ndinamvetsa msanga chifukwa ndinakulira pakhonde la telala. Sukulu zikamayandikira kutsegulira, amalume ankadula malaya amodzi mosamala, kenako n'kumawagoneka pa nsalu kuti aziduliramo ena onse. Ankandiuza kuti, "Mphwanga, oyambawa ukalakwitsa, walakwitsa mtolo wonse." Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Wasayansi wa ku America, Stanley Prusiner, ndi amene anapatsa chinthuchi dzina loti prion mu 1982. Anzake ambiri sanamukhulupirire, koma mu 1997 analandira mphotho ya Nobel. Matenda a mtundu umenewu alipo angapo. Alimi a nkhosa ku Ulaya akhala akuwadziwa kuyambira zaka za m'ma 1700, amawatcha scrapie. Ku Britain anapezeka mu ng'ombe mu 1986, matenda aja ankati amisala a ng'ombe, ndipo mu 1996 boma lakumeneko linalengeza kuti afika kwa anthu kudzera mu nyama. Anthu 178 anafa nawo m'dzikolo. Koma amenewo ndi ochepa. Pa odwala CJD 100 alionse, pafupifupi 85 sanatengere kwa aliyense, sanadye kanthu kachilendo, sanayamwire kwa makolo. Puloteni inangopindika yokha. Ndipo sungatengere matendawa podyera limodzi, posambitsa wodwala kapena pomugwira dzanja.

Kuchiza kwake n'kovuta chifukwa mdaniyo ndi thupi lako lomwe. Chitetezo cha m'thupi sichimuona ngati mlendo. Kuwiritsa wamba sikumupha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndinawerenganso za anthu a mtundu wa Fore a kumapiri a Papua New Guinea. M'zaka za m'ma 1950 ankafa pafupifupi 200 pachaka, makamaka amayi ndi ana, ndi matenda onjenjemeretsa amene ankawatcha kuru. Iwo ankati ndi matsenga, ndipo amuna ambiri oganiziridwa anaphedwa pobwezera. Patapita nthawi zinadziwika kuti matendawa ankafala kudzera mu mwambo wawo wa maliro, pomwe achibale ankadya thupi la womwalira posonyeza chikondi ndi ulemu. Mwambowo utatha, matendawo anayamba kuzilala, ngakhale ena anadzadwala patapita zaka zoposa 50. Nkhani imeneyi sindinauzeko aliyense kumudzi. Ndinadziwa kuti munthu amene mtima wake waweruza kale angomvapo mawu awiri okha, n'kunena kuti, "Mwaona? Si zomwe timanena zija?"

Tsono tintchentche tikubwera pati?

Kuti umvetse matenda uyenera kuwaona akuyamba, akukula, n'kuyesa kuwaimitsa. Pa munthu sungayesere. Pa nkhosa ndi ng'ombe pamatenga zaka. Pa mbewa za mu labu pamatha chaka kapena kuposa, ndalama zake zosanena. Kantchentche aka kamachoka pa dzira kufika pa kantchentche kathunthu m'masiku 10 okha kukakhala kotentha bwino, kamakhala ndi moyo miyezi iwiri kapena kuposerako pang'ono, ndipo mazanamazana amakwana m'botolo limodzi. Ubongo wake ndi wochepa kuposa njere ya mapira, koma muli maselo pafupifupi 140,000, ndipo amatumizirana mauthenga mofanana ndi athu 86 biliyoni aja. Pa malangizo a chibadwa anayi alionse amene amadziwika kuti amakhudzana ndi matenda a anthu, pafupifupi atatu ali ndi ofanana nawo mwa kantchentcheka. Ndikuti "malangizo a chibadwa" dala. Pachingerezi amati gene, koma ukanena kuti jini m'kalasi ya kuno, theka la ana limaganiza za majini enieni.

Ntchitoyi inayamba kale. Mu 1910, Thomas Hunt Morgan wa pa yunivesite ya Columbia ku New York, amene ankaweta tintchentcheti m'mabotolo a mkaka n'kumatidyetsa nthochi, anapeza kamodzi ka maso oyera pakati pa tamaso ofiira. Kuchokera pa kamodziko anasonyeza mmene chibadwa chimayendera kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo mu 1933 analandira Nobel. Nthochi ndithu, ngati za amayi.

Kantchentche kalibe puloteni ya prion ija mwachibadwa. Zimenezi zinathandiza, chifukwa ndi ngati nsalu yosalembedwa choko. Asayansi amatenga malangizo opangira puloteniyo kuchokera kwa nkhosa, ng'ombe, mbewa kapena munthu, n'kuwaika mwa kantchentche kuti ubongo wake uziyipanga. Pa yunivesite ya Cambridge ku England, Raymond Bujdoso ndi Alana Thackray anapanga tintchentche tokhala ndi puloteni ya nkhosa, n'kudyetsa mphutsi zake kachidutswa ka ubongo wa nkhosa yodwala scrapie. Titakula, tinayamba kufooka m'masabata owerengeka. Tinzake topanda puloteni ya nkhosayo tinadya chakudya chomwecho koma sitinadwale. Atatenga mitu ya todwalato n'kubaya nayo mbewa, mbewazo zinadwala. Kusonyeza kuti kupindana kuja kunachitikadi m'kati mwa kantchentche.

Nanga amadziwa bwanji kuti ntchentche yadwala? Apa ndi pamene ndinaika foni pansi. Tintchentcheti tili ndi chizolowezi: ukatiika m'botolo n'kuligogoda kuti tigwere pansi, timayamba pompo kukwera m'mwamba. Ndiye amalemba mzere pa botolo, amagogoda, n'kuwerenga kuti ndi tingati tadutsa mzere m'masekondi ochepa. Tathanzi timathamangira kumwamba. Todwala timakwera pang'ono, timaterereka, timayima pansi miyendo ikuphiriphitha. Ndinaona amalume pansi pa sitepe ija, phazi lili m'mwamba.

Wina, Pedro Fernandez-Funez, amene amagwira ntchito ku America, anafunsa funso lina. Pali nyama zimene sizigwidwa wamba ndi matendawa: akalulu, mahatchi, agalu. Anaika puloteni ya nyama zimenezi mwa tintchentche, ndipo sitinavulale, pomwe puloteni ya mbewa inkawononga ubongo wake, ya munthu n'kuwonongeratu ngakhale maso. Pofufuza anapeza kuti kusiyana kwake nthawi zina kumagona pa mkanda umodzi kapena iwiri pa chingwe chonse chija. Ukadziwa mkanda umene umalimbitsa puloteni ya galu, wayamba kudziwa pamene mankhwala angadzagwire. Mankhwalawo sanapezekebe. Koma funsolo tsopano lili ndi pogwira.

Chinandisangalatsa china n'chakuti kantchentcheka si ka azungu. Kwawo kwenikweni ndi kuno, kumwera kwa Africa. Tamtundu wosiyanasiyana kwambiri pa chibadwa tinapezeka ku Zambia, ndipo mu 2018 ofufuza a ku Sweden anafotokoza za tam'tchire timene anatipeza ku Matobo m'dziko la Zimbabwe, tikukhalira zipatso za mfula. Kuchokera m'nkhalango ngati zathuzi kanatsatira anthu ndi zipatso zawo mpaka kufika pa dziko lonse. Tili nato pa benchi iliyonse pa Songani, ulere.

Teremu yatha ndinauza ana a Fomu 4 kuti abweretse mabotolo oonekera ndi makoko a nthochi. Tinatchera kuseri kwa kalasi, mawa lake tinatseka ndi thonje, tinalemba mzere ndi cholembera. Nditagogoda botolo pa desiki, tonse tinagwa, kenako piringupiringu kukwera. Ana anakuwa ngati ndi mpira. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Sir, ndiye agogo anga amene amaiwala njira ya kwawo aja, akhoza kukhalanso ndi zimenezi?" Ndinamuuza kuti CJD ndi yosowa kwambiri, koma matenda ena oiwalitsa okalamba, monga Alzheimer's, ndi ofala, ndipo nawonso amakhudzana ndi mapuloteni ounjikana muubongo, ndipo nawonso amafufuzidwa pa tintchentche tomweti. Ndinamuuzanso kuti agogo akapezeka pakhomo pa eni m'bandakucha asakudziwa kumene ali, amenewo ndi odwala, sanagwe pa lichero. Kalasi inaseka, koma iye sanaseke. Analemba.

Kuyankhula pamaso pa ana n'kosavuta. Kwa msuweni wanga kunanditengera zaka ziwiri.

Iye amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, amayima pa siteji pa Songani pomwepo, mamita ochepa kuchokera pa benchi ya amayi. Zaka ziwiri zonsezo sanawapatseko moni azakhali ake. Tsiku lina ndinamukwera dala, ndinati andiperekeze ku Domasi. Titawoloka mlatho ndinamuuza kuti ayime. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinatulutsa kabuku ka bambo ake, ndinamuonetsa zilembo zija. Ndinafotokoza zonse, za mikanda, za malaya oyamba a mtolo, za nkhosa, za botolo. Ndinamuuzanso kuti ndalama ija ndinalakwa kupereka, ndipo pa msonkhano paja ndinalakwa kukhala chete.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akuseweretsa makiyi. Kenako anati, "Asuweni, ndamva. Sukulu munapitadi. Chinthucho chinapindika, chabwino. Nanga anachipinda ndani?"

Ndinati palibe. Zimangochitika.

"Mwa anthu 1 miliyoni, mwati?"

Ndinati eya.

"Ndiye anthu onsewo chinawadumpha, n'kudzapeza bambo anga pakhonde akusoka. Popanda chifukwa."

Ndinati eya, popanda chifukwa.

Anapukusa mutu. "Inuyo zimenezo zimakugonetsani tulo?"

Sindinamuyankhe, chifukwa sizindigonetsa. Sayansi inandiuza mmene zinachitikira, ndipo ndikukhulupirira kuti ikunena zoona. Funso lake lija, lakuti bwanji iwowa, ilibe nalo yankho lina koma lakuti chakudza sichiyimba ng'oma. Sing'anga uja anamupatsa nkhope yoti aziyida. Ine ndinamupatsa kantchentche ndi chizindikiro cha funso. Ndikumvetsa chifukwa chake zoyambazo zimagwirika msanga m'manja mwa munthu wolira. Koma nkhope imene anapatsidwayo ndi ya mayi anga, amene anawaphikira phala bambo ake mpaka tsiku limene anawathamangitsa. Ndinamuuza zimenezo. Ndinati, "Ngati sukukhulupirira za puloteni, usakhulupirire. Koma funso limene dokotala analisiya lotsegula, iwe usalitseke ndi dzina la munthu."

Anandibweza pa Songani osayankhula. Ndalama ya ulendo anakana.

Papita miyezi itatu. Sanabwere kudzapepesa, ndipo sindikuganiza kuti adzabwera. Makina a Singer aja ali m'nyumba mwake, atafunditsidwa chitenje. Koma Loweruka lapitali ndili pa benchi kuthandiza amayi kusanja tomato, ndinamva njinga ikuyima. Sanatsike. Analoza phava la nthochi, n'kunena kuti, "Azakhali, izi zili bwanji?" Amayi anatchula mtengo, mtengo weniweni, osachotsera. Analipira. Amayi anathyola ziwiri pa phava lina n'kuwonjezera, monga amachitira ndi kasitomala aliyense. Anazikoleka pa handulo n'kumapita.

Ndinafuna kunena kanthu, koma amayi anali atatenga kale kansalu kawo, akuingitsa tintchentche. Bulauzi imene anavala tsiku limenelo anasoka ndi amalume, kolala yake yayamba kutha.

"Amayi," ndinatero, "mukudziwa kuti timeneti tikuthandiza madokotala kumvetsa matenda aja anatenga achimwene anu?"

Anandiyang'ana, anayang'ana nthochi zawo.

"Ndiye tiziwolesa katundu wanga chifukwa ndi ma dokotala? Iwe ndi ntchentche zako. Tandigwirira dengu ili, minibasi ya ku Liwonde iyo yayima."